Mafilimu a Wall Street akuphunzitsa ana athu juga, osati malonda

Mumzinda wa Blantyre muno mwabuka mkangano umene sukuoneka kuti uzirala msanga. Umamveka m'maofesi a mu Victoria Avenue pa nthawi ya nkhomaliro, umamveka pakati pa ophunzira a ku MUBAS, ndipo wafika mpaka m'misonkhano ya makolo kumipingo. Gwero lake ndi anyamata ndi atsikana amene masiku ano akudzitcha ma trader, amene amachezera usiku maso ali pafoni kuyang'ana mizere yofiira ndi yobiriwira, n'kumati akugula ndi kugulitsa madola, golide kapena masheya a makampani a ku America. Mukacheza nawo n'kuwafunsa kumene chidwi chimenechi chidachokera, kawirikawiri amatchula filimu kapena sewero la pa TV lokamba za akatswiri a ndalama a ku Wall Street, likulu la malonda a masheya ku New York, kapena a ku London. Gulu lina likuti mafilimu amenewa atsegula maso achinyamata athu, ndipo tiyenera kuyamika kuti mwana wa ku Ndirande wayamba kulota za msika wa masheya m'malo mongolota ulendo wa ku Joni. Gulu lina likuti mafilimuwa akuwononga ana.

Ine ndili ndi gulu lachiwirili. Mafilimu ambiri okamba za msika wa masheya saphunzitsa mmene chuma chimapangidwira. Amaphunzitsa mtima wa juga, n'kuuveka suti ndi tayi kuti uoneke ngati ntchito yolemekezeka. Sindikupempha kuti aletsedwe, pakuti filimu imene imayenda pa memory card ndi pa WhatsApp palibe amene angaitsekere pakhomo. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chowatenga ngati sukulu. Ndipo chimene ndikupempha n'chakuti dziko limene lili ndi msika wakewake wa masheya, komanso nkhani zakezake za ndalama, liyambe kudzifotokozera lokha nkhani zimenezo m'chinenero chimene ngakhale agogo a ku Chilomoni angamve.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho, chifukwa ambiri amene akukangana sanachigwirepo. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Anthu khumi akasonkherana ndalama n'kugula chigayo, aliyense amakhala mwini wa gawo lina la chigayocho. Chikagaya bwino chaka chonse amagawana phindu, injini ikafa onse amamva kuwawa, ndipo wofuna kutuluka amagulitsa gawo lake kwa wina pamtengo umene agwirizana. Msika wa masheya ndi zomwezo, kungoti m'malo mwa chigayo pamakhala banki, kampani ya shuga kapena kampani ya mafoni. Msika wathu, Malawi Stock Exchange, uli mumzinda mwathu muno, m'nyumba yakale ya Reserve Bank mu Victoria Avenue. Udakhazikitsidwa mu 1994, ndipo malonda a masheya adayamba mu Novembala 1996 pamene NICO idakhala kampani yoyamba kulowa pamsikawu. Lero pali mayina amene tonse timawadziwa: National Bank, Standard Bank, NBS Bank, Illovo, TNM, Airtel, Press Corporation, Sunbird ndi ena. Wofuna kugula amapita kwa broker, wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, amene ali ndi chilolezo, amatsegula akaunti, amanena masheya amene akufuna, kenako amadikira. Kudikirako ndiye ntchito yaikulu. Phindu limabwera pamene kampani yagawira eni ake dividendi, kutanthauza gawo la phindu lake, pakapita miyezi, ndiponso pamene mtengo wa sheya wakwera pakapita zaka chifukwa kampaniyo yagulitsa shuga wochuluka, yabwereketsa ndalama mwanzeru kapena yapeza makasitomala atsopano. Kumbuyo kwa sheya iliyonse kuli anthu amene akudula nzimbe ku Nchalo kapena kuwerenga ndalama pakauntala ya banki.

Tsono yerekezani zimenezi ndi zimene filimu imaonetsa. Wojambula filimu sangaloze kamera kwa munthu amene akudikira dividendi theka la chaka, chifukwa oonera angagone tulo. Amasankha chipinda chodzaza anyamata okuwa pamafoni, amasankha munthu amene m'mawa analibe ya thiransipoti koma pofika madzulo akusankha galimoto. Filimu imene achinyamata amaitchula kwambiri ndi The Wolf of Wall Street ya 2013, imene adajambula Martin Scorsese ndipo Leonardo DiCaprio ndiye adasewera mwini nkhani. Nkhani yake ndi ya munthu weniweni, Jordan Belfort, ndi kampani yake ya Stratton Oakmont. Iwowa ankayamba agula masheya otsika mtengo a timakampani tosadziwika, kenako n'kumaimbira anthu mafoni kuwanamiza kuti mtengo ukwera posachedwa. Mtengo ukakweradi chifukwa cha ogula onamizidwawo, iwo ankagulitsa awo onse, mtengo n'kugwa, anthu n'kutsala atanyamula mapepala opanda pake. Uku n'kuba, ndipo khoti lidapeza choncho. Koma m'filimu ya pafupifupi maola atatu timaona maphwando, nyumba zikuluzikulu ndi boti lapanyanja, pamene anthu amene adaberedwa ndalama zimene adasunga moyo wawo wonse saoneka nkhope zawo. Woonera amakhala pambali pa wakubayo kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, amaseka naye, amachita naye mantha apolisi akayandikira. Mnyamata wa ku Zingwangwa akamaliza kuonera amadziona ngati Belfort, pamene m'moyo weniweni malo ake ndi a munthu uja wa mbali ina ya foni.

Otsutsana nane ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera ndithu. Yoyamba ndi yakuti filimu ndi yongosangalatsa. Amati tidakula tikuonera mafilimu a karate ndi a nkhondo m'mavidiyo sho a ku Bangwe ndi ku Mbayani, koma sitidasanduke zigawenga, nanga filimu ya ndalama iopsa bwanji? N'zoona kuti si aliyense woonera amene amatsanzira. Komabe ife Amalawi sitinganene kuti sewero silisintha munthu. Kwa zaka zambiri sewero la Tikuferanji linkakamba za Edzi pa MBC pa nthawi imene makolo ambiri sankatha kutchula matendawa pamaso pa ana awo, ndipo mabungwe ankaika ndalama m'masewero otere chifukwa ankadziwa kuti uthenga wodzera m'sewero umakhazikika mumtima kuposa wa pachikwangwani. Sitingavomereze kuti sewero limaphunzitsa likamanena zabwino, n'kudzakana kuti limaphunzitsanso likamakometsa zoipa. Kuwonjezera apo, mwana amene waonera filimu ya nkhondo akatuluka m'vidiyo sho sapeza mfuti ikumudikira panja. Koma amene waonera filimu ya trading pafoni, foni yomweyo ili ndi app yomuitana kuti atsegule akaunti, ili ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pa Facebook pali wina atavala suti, atatsamira galimoto, akumulonjeza kuti amuphunzitsa zonse pa sabata imodzi akalipira. Kuchokera pa chilakolako kufika potaya ndalama pamangodutsa mphindi zochepa.

Mfundo yachiwiri ndi imene anthu ophunzira amaikonda. Amati mafilimuwa ndi machenjezo, pakuti pamapeto pake wadyera amagwa, amamangidwa, banja lake limatha. Amati amene sanamve chenjezolo, vuto ndi lake, si la filimu. Ndikuvomereza kuti ojambula ambiri cholinga chawo chinali kudzudzula dyera. Koma cholinga cha wojambula ndi chimene chimatsala m'mutu mwa woonera n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mbiri ya mafilimu omwewa ndiyo mboni. Mu 1987 Oliver Stone adatulutsa filimu ya Wall Street, m'mene Michael Douglas adasewera munthu wadyera dzina lake Gordon Gekko, wogula makampani kuti awaphwasule n'kugulitsa zidutswa, ogwira ntchito n'kutsala pamtetete. Stone adamulenga kuti anthu anyansidwe naye. M'malo mwake, Douglas wakhala akufotokoza kuti kwa zaka zambiri anthu ankamufikira n'kumuuza kuti adalowa ntchito ya masheya chifukwa chosirira Gekko. Zinthu zidafika poti mu 2012 Douglas yemweyo adajambula uthenga wa apolisi a FBI wochenjeza anthu kuti kugwiritsa ntchito zinsinsi za kampani pogula masheya ndi mlandu. Ngati Aamerika, amene amamva Chingerezi chonse cha m'filimumo ndipo adaionera yathunthu, adasirira munthu woipayo, tiyembekezere chiyani kwa mwana wathu amene amangoona kachidutswa ka masekondi makumi atatu pa TikTok? Zidutswa zimenezo zimadula gawo la kundende. Zimasiya gawo limene bwana akulankhula mwamphamvu kwa anyamata ake, pansi pake n'kulembapo mawu olimbikitsa.

Ndipo chilango chenichenicho n'chotani? Belfort adakhala m'ndende miyezi 22. Atatuluka adalemba buku, bukulo lidasanduka filimu, iye n'kuyamba kuyendayenda m'maiko kuphunzitsa anthu luso logulitsa malonda, akumulipira. Mnyamata wochenjera akawerengera yekha amaona kuti zaka zosakwana ziwiri za ukaidi n'zochepa poyerekeza ndi moyo umene filimu yamuonetsa. Palinso china chimene chimandiwawa. Boma la America lidanena kuti ndalama zimene zidathandiza kujambula filimuyi zidachokera ku thumba la boma la Malaysia la 1MDB, limene lidabedwa mabiliyoni a madola, ndipo mu 2018 kampani imene idakonza filimuyi, Red Granite Pictures, idavomera kulipira madola 60 miliyoni kuti nkhaniyo ithe. Ndalama za anthu wamba a dziko lina zidapita kukakometsa nkhani ya munthu amene adabera anthu wamba.

Mfundo yachitatu ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo ndiyenera kuichitira chilungamo. Amati Amalawi ochepa kwambiri ndi amene ali ndi masheya, ambiri amaopa ngakhale kulowa m'nyumba ija ya mu Victoria Avenue poganiza kuti ndi ya azungu ndi mabwana okhaokha. Ngati filimu yachititsa mtsikana wa ku Machinjiri kufunsa kuti sheya n'chiyani, ndiye kuti yachita zimene sukulu zathu zidalephera. Ndikugwirizana nawo kuti tikufunika anthu ambiri pamsika wathu, ndipo umboni ulipo kuti amene adalowa moleza mtima sanadandaule. Airtel Malawi itagulitsa masheya ake kwa anthu wamba kumayambiriro kwa 2020, sheya imodzi inali K12.69. FDH Bank italowa pamsika chaka chomwecho, sheya inali K10. Mitengo yonse iwiri idakwera kuwirikiza kangapo m'zaka zotsatira, ndipo eni ake akhala akulandiranso madividendi. Mitengo imathanso kutsika, ndipo amene akugula lero asaganize kuti za dzulo zidzabwerezedwa mawa, koma mphunzitsi kapena namwino amene adaika kandalama kake pamenepo adagula gawo la kampani imene amaiona ndi maso tsiku lililonse.

Funso ndi lakuti, kodi chidwi chimene filimu yadzutsa chimapita kumeneko? Zimene ndikuona ine n'zakuti sichipita kwa broker wa mu Blantyre. Munthu amene filimu yamuzoloweza kuona chuma chikubwera pa tsiku limodzi, mukamuuza kuti agule masheya a banki n'kudikira zaka zisanu amakuonani ngati mukumuchedwetsa. Amathamangira ku ma app a forex, kumene mizere imayenda sekondi iliyonse ngati m'filimu muja. Koma kumeneko munthu sagula dola kapena golide weniweni. Amangobetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika. Eni app amamulola kubetcha ndi ndalama zochuluka kwambiri kuposa zimene waika, zimene iwo amati leverage, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Amene waika K100,000 n'kuloledwa kusewera ngati ali ndi K10 miliyoni, mtengo ukangomutembenukira ndi kwacha imodzi pa 100 iliyonse, mpamba wake wonse watha. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama m'maiko a European Union, la ESMA, lidanena kuti mwa maakaunti 100 alionse a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, 74 mpaka 89 amaluza ndalama, ndipo lidalamula makampani kuti azilemba chenjezo limeneli poyera. Amenewo ndi anthu okhala ndi intaneti yothamanga, magetsi osazimazima ndi malamulo owateteza. Wathu wa kuno akusewera ndi bandulo ya tsiku limodzi, netiweki ikudukaduka, ena atagula madolawo kwa mavenda pamtengo wokwera, ndipo kampani ikamukaniza kutapa ndalama zake alibe ofesi yokadandaulako, chifukwa kampaniyo ili kutsidya kwa nyanja ndipo ilibe chilolezo cha kuno. Ngakhale akatswiri enieni amagwa pa masewera amenewa. Mu 1995 Nick Leeson, akugwira ntchito ku Singapore, adaluza mapaundi 827 miliyoni n'kugwetsa banki ya Barings imene idakhalapo kuyambira mu 1762. Ankaluza, n'kubisa, n'kubetchanso zochuluka kuti abweze zotayikazo. Khalidwe limeneli aliyense amene adaimapo pakhomo pa shopu yobetchera mpira ku Limbe amalidziwa. Motero chidwi chimene otsutsa akuchiyamika chimachotsa ndalama pamsika wathu, pamene zikadathandiza makampani a kuno, n'kuzitumiza kunja kumene sizibwerera.

Ena amandiyankha mokwiya, ndipo mkwiyo wawo ndimaumvetsa. Amati musanamizire mafilimu, vuto ndi ulova ndi kugwa kwa kwacha. Mwana wamaliza digiri, wayenda ndi envelopu kuyambira ku Ginnery Corner mpaka ku Makata osapeza ntchito, mukufuna atani? Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene adasunga ndalama m'buku la kubanki adaziona zikusungunuka. Kodi n'zodabwitsa kuti achinyamata akufuna njira yopezera madola? Sindikutsutsa chilichonse pamenepa. Filimu sindiyo idabweretsa umphawi, ndipo atachotsedwa mafilimu onse mawa, ulova ukhalapobe. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa mbali yanga. Munthu wosauka ndi amene sangakwanitse kukhala ndi mphunzitsi wonama. Mwana wa ku Namiwawa akaluza pa forex amaluza ndalama ya m'thumba, mawa bambo ake amupatsanso ina. Mwana wa ku Ndirande akaluza amaluza fizi ya teremu, kapena ndalama imene mayi ake adakongola ku banki m'khonde pomukhulupirira kuti akudziwa zimene akuchita. Kenako pamabwera katapila kuti abweze ngongole yoyambayo, kenako laputopu imapita ngati chikole, kenako mwana amasiya kuyankha foni ya kunyumba. Pamene anthu athedwa nzeru ndi pamene nkhani yolonjeza chuma chamsanga imagwira mtima kwambiri, ndipo n'chifukwa chake filimu yomweyo imavulaza kwambiri kuno kuposa kumene idajambulidwa.

Palinso amene amati sindikusiyanitsa, chifukwa alipo mafilimu ena ophunzitsadi. Amatchula The Big Short ya 2015, imene imafotokoza mmene mabanki a ku America adaperekera ngongole za nyumba kwa anthu osatha kubweza, n'kumanga ngongolezo m'mitolo n'kumagulitsana ngati katundu wabwino, mpaka zinthu zidaphulika ndipo banki ya Lehman Brothers idagwa pa 15 Seputembala 2008. Apa ndikuvomera. Filimu imeneyo imayesetsa kufotokoza, ndipo imaonetsa mabanja akuthamangitsidwa m'nyumba. Wophunzira za chuma aionere. Komabe ngakhale m'menemo, anthu amene kamera imawatsatira ndi amene adabetcha kuti msika ugwa n'kupindula nazo. Ndipo zimene imaphunzitsa ndi za dziko lina. Mmalawi sakuvutika ndi mitolo ya ngongole za nyumba. Akuvutika kumvetsa chifukwa chake chiwongoladzanja cha ngongole ya kubanki chili chokwera chotere, chifukwa chake mabanki amakonda kubwereketsa boma kuposa kubwereketsa wabizinesi wa ku Chirimba, ndiponso kumene kumapita ndalama imene amamudula pa malipiro mwezi ndi mwezi.

Nkhani ya penshoni imeneyi ndiyo imandionetsa kukula kwa mpata umene mafilimu akunja sangautseke. Kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza olemba anthu ntchito kuika antchito awo pa penshoni. Wolemba ntchito amapereka 10 peresenti ya malipiro, wantchito amadulidwa 5 peresenti. Ndalama zimenezi sizigona m'kabati. Oyendetsa mathumba a penshoni amagulira masheya pamsika womwe uja wa mu Victoria Avenue, amabwereketsa boma, amamangira nyumba za renti. Choncho mlonda wa kampani ya ku Makata, kalaliki wa mu Limbe ndi woyendetsa lole ali kale eni ake a timagawo ta mabanki ndi makampani a mafoni, ngakhale sadziwa. Msika ukayenda bwino, ukalamba wawo umapepukako. Bwana akadula 5 peresenti ija koma osaitumiza ku thumba la penshoni, zimene Reserve Bank yakhala ikudandaula kuti zimachitika ndipo ngongole yake ndi ya mabiliyoni, wantchito amadzazindikira tsiku lopuma ntchito, mphamvu zitatha. Mwana wa mlonda uja amadziwa dzina la Jordan Belfort, koma sadziwa kuti bambo ake ali ndi ufulu wofunsa sitetimenti ya penshoni yawo. Ine ndikuti ngati sewero lili ndi mphamvu yophunzitsa, ndipo ili nayo, ndiye kuti likuphunzitsa mwana ameneyu phunziro lolakwika pamene lolondola lili m'nyumba mwake momwe.

Ndikati tipange mafilimu athu, ndimayankhidwa kuti nkhani zathu za ndalama n'zozizira, palibe angazionere, ndiponso tilibe ndalama zojambulira. Za kuzizirazo sindikuzivomera ngakhale pang'ono. Dziko limene lidaona Cashgate mu 2013, pamene mabiliyoni a kwacha adatuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndalama n'kumapezeka m'mabuti a galimoto, maiko otithandiza n'kuimitsa thandizo la bajeti, zipatala n'kusowa mankhwala, silinganene kuti lilibe nkhani. Mumzinda muno muli mabanja amene amakumbukira mmene moyo udasinthira fakitale ya nsalu ya David Whitehead itagulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ku okushoni ya fodya ku Limbe mlimi amene wagwira ntchito chaka chonse amaima n'kumaona belo lake likupatsidwa mtengo pa kanthawi kochepa, kapena likubwezedwa. M'madera mwathu, mwezi wa Disembala ukafika, pamamveka nkhani za msungichuma wa banki m'khonde amene wasowa masiku ochepa amayi asanagawane. Pamabweranso timagulu tolonjeza kuti ukaika K50,000 ulandira K100,000 pakutha pa mwezi bola ubweretse anzako atatu, ndipo oyamba kulowa amalandiradi, n'kukokera abale awo ndi a mumpingo mwawo, mpaka tsiku limene foni ya mwini gulu yasiya kupezeka. Bernie Madoff, amene khoti la ku America lidamulamula zaka 150 m'ndende mu 2009, ankachita zomwezi, kulipira akale ndi ndalama za atsopano. M'nkhani zonsezi muli chikondi, kusakhulupirika, mantha, chibale ndi manyazi, zonse zimene sewero limafuna. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba wa kuno sangathe kubisa nkhope ya woberedwa, chifukwa woberedwayo ndi azakhali ake.

Luso liripo. Du Chisiza Jr ankadzaza maholo ndi zisudzo zokamba nkhani zolemera za dziko. Story Workshop, yomwe ili mumzinda muno, idasunga omvera pawailesi kwa zaka ndi sewero la Zimachitika. Shemu Joyah waonetsa kuti filimu yojambulidwa m'Malawi ikhoza kupambana mphoto kunja. Ndipo anyamata amene amamasulira mafilimu akunja m'Chichewa, amene mawu awo amamveka m'mavidiyo sho onse, atsimikiza kuti anthu athu amakonda nkhani yaitali ikakhala m'chinenero chawo. Chimene chikusowa ndi ndalama, ndipo ndalamazo zili ndi makampani omwewo a pamsika wa masheya. TNM, Airtel ndi FDH Bank akhala akuika ndalama zambiri mu mpira wamiyendo, ndipo mpira wapindula. Kagawo kochepa ka ndalama zotere kangathe kulipira sewero la pa TV ndi pawailesi la chaka chathunthu. Makampaniwa angapindule nawo, chifukwa anthu omvetsa sheya ndi amene adzagule masheya awo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chingaphe ntchito imeneyi isanayambe. Banki ikalipira sewero, idzafuna kuti wa kubanki m'seweromo akhale munthu womwetulira amene amathetsa mavuto onse, ndipo tidzapeza malonda a theka la ola m'malo mwa sewero. Anthu adzazindikira pa gawo loyamba lomwe n'kubwerera ku mafilimu a Wall Street, amene ngakhale amasocheretsa, saopa kuonetsa munthu woipa atavala suti. Sewero lathu liyenera kukhala ndi ufulu woonetsa manijala amene amadya katangale pa ngongole, bwana amene amadya penshoni ya antchito, broker amene amachedwetsa ndalama za kasitomala, pamodzi ndi mayi wogulitsa kaunjika amene wagula masheya ake oyamba ndipo akuphunzira kuwerenga lipoti la kampani. Pa chifukwa chimenechi ndalamazo zisachoke kwa kampani imodzi. Reserve Bank, imene ili kale ndi udindo wophunzitsa anthu za ndalama, pamodzi ndi Malawi Stock Exchange, asonkhanitse thumba limodzi kuchokera ku makampani angapo, alipereke kwa olemba kudzera mumpikisano wapoyera, ndipo pamgwirizano palembedwe kuti palibe wopereka ndalama amene adzakhale ndi mphamvu yosintha nkhani.